Denga, khonde ndi sola: kuchokera ku gombe la Nkhata Bay kufika ku Chikomeni

Munthu wa ku Chikomeni, ku Zambia, akafuna kuona doko lenileni, lokochezapo sitima, ulendo wake ndi wodutsa pa boma la Lundazi, kuwoloka malire pa Lusuntha, kukatulukira pa Jenda, kenako kutsata msewu wa M1 kudzera m'nkhalango ya Chikangawa mpaka ku Mzuzu. Kuchoka apo ndi makilomita osakwana 50 otsetsereka, ndipo thukuta limayamba kutuluka nyanja isanaoneke. Kumeneko ndiye ku Nkhata Bay, kwawo kwa Atonga, komwe sitima ya Ilala yakhala ikuima kuyambira pomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951.

Gombe la kumeneko lasintha. M'magomo oyang'ana kumadzi, ku Chikale ndi kulowera kummwera cha ku Chintheche, mwamera malo ogona alendo ndi nyumba zamakono za anthu opeza bwino. Zina ndi za ochita malonda okopa alendo, zina ndi za eni dera omwe anakagwira ntchito ku Joni, mwambo womwe Atonga anauyamba kalekale m'nthawi ya machona. Zambiri mwa nyumba zotere zili ndi mapanelo a sola padenga ndi thanki ya madzi pamwamba, ndipo zikamatsatsidwa amati ndi nyumba zosawononga magetsi, zosamala chilengedwe. Funso ndi lakuti mawu amenewa akutanthauza chiyani kwenikweni, ndipo mlimi wa ku Chikomeni yemwe wagulitsa fodya kapena soya, n'kuganiza zomanga nyumba yamalata, angatolepo chiyani.

Nyumba imadya mphamvu kawiri. Imadya pomangidwa, imadyanso tsiku ndi tsiku anthu akakhalamo. Otsatsa amakonda kukamba za kachiwiriko chifukwa panelo ya sola imaoneka ngakhale uli pamsewu. Koma kudya koyamba kuja n'kumene kwametetsa mapiri athu. Njerwa zootcha zimafuna nkhuni zikuluzikulu, za mitengo yachilengedwe yosanyeka msanga monga msuku, mombo ndi tsamba, ndipo uvuni umodzi umayaka usana ndi usiku kufikira njerwa zitafiira. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Malawi, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi zochitiramo malonda. M'malo mwake analimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zosakaniza ndi simenti pang'ono, zomwe zimatsinyidwa pamakina n'kuuma popanda moto. Simenti nayo si yoyera m'manja, poti pokonza kufakitale amatentha miyala ya laimu pamoto woposa madigiri 1,400. Komabe nyumba yomangidwa ndi njerwa zochokera mu uvuni womwe unatha mitengo ya phiri lonse, ngakhale padenga pake patadzaza mapanelo, ili ndi ngongole yomwe dzuwa lidzatenga zaka kuti liibweze.

Kudya kwa tsiku ndi tsiku nako kuli ndi akuluakulu ake. Babu ya LED imangofuna mawati 5 mpaka 9. Fani imafuna pafupifupi 50. Makina oziziritsa chipinda chimodzi amafuna mawati 1,000 kapena kuposerapo, ndipo giza yotenthetsa madzi osamba imafika 2,000 mpaka 3,000. Ndiye kuti nkhani yonse ya nyumba yosawononga magetsi kumalo otentha yagona pa zinthu zitatu: kuziziritsa, kutenthetsa madzi ndi kuphika. Kuunikira ndi kutchaja foni, zomwe anthufe timaganiza poyamba tikamva za sola, ndi zazing'ono zedi. Madzi osamba ndi osavuta, pakuti dzuwa limatenthetsa lokha m'mapaipi agalasi oikidwa padenga popanda kudzera ku batire. Vuto lalikulu ndi kutentha kwa m'nyumba, ndipo limeneli amalithetsa ndi mmisiri pa tsiku lomwe akukhoma zikhomo za maziko, wamagetsi asanaitanidwe n'komwe.

Lundazi ndi Nkhata Bay onse ali pafupifupi madigiri 12 kummwera kwa equator. Kumeneku dzuwa limadutsa pamutu penipeni cha kumapeto kwa Okutobala komanso mu Febuluwale, ndipo m'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Julaye limapendekera kumpoto. Dzuwa la masana limagwera padenga, ndipo khoma limatetezeka mosavuta ngati denga latulukira kunja mokwanira. Loopsa ndi dzuwa la kum'mawa ndiponso makamaka la kumadzulo, lomwe limabwera chopendekera n'kulowa pazenera mpaka pakama. Nyumba yomangidwa mwanzeru imakhala yaitali kuchokera kuvuma kupita kuzambwe, kuti makoma ake aatali okhala ndi mazenera ayang'ane kumpoto ndi kummwera, ndipo kuzambwe kukhale khoma lalifupi, mtengo wamthunzi kapena khonde. Apa pali msampha wa ku gombe. Ku Nkhata Bay nyanja ili kuvuma, ndipo aliyense womanga amafuna magalasi aakulu oyang'ana kumadzi. Magalasi amenewo amalowetsa dzuwa lonse la m'mawa kuphatikizapo lonyezimira kuchokera pamadzi, ndipo kutentha kukalowa pagalasi sikutuluka. Pofika 9 koloko mwini nyumba wayatsa kale makina oziziritsa. Khonde lalitali kutsogolo kwa magalasiwo likanachotsa vutoli pamtengo wa mizati ndi malata ochepa.

Denga ndilo lili ndi mlandu waukulu koposa. Lata likakhala padzuwa la Okutobala limatentha mpaka kupyola madigiri 60, ndipo kutentha konseko limakuthira pansi, pamitu pa anthu. Lowani m'nyumba yamalata yopanda siling'i nthawi ya 2 koloko masana: mafuta odzola asungunuka m'botolo, mwana wakhanda sagona, anthu onse asamukira patsinde pa mango. Usiku wa Juni lata lomwelo limataya kutentha msanga, kufikira m'bandakucha madontho a mame akugwera pabulangete. Udzu suchita zimenezi chifukwa pakati pa timapesi take pamakhala mpweya womwe sulola kutentha kudutsa. Chodabwitsa chili apa. Mlendo wochokera ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti agone m'kanyumba kofolera udzu, ka khonde lozungulira, m'mphepete mwa nyanja, pomwe m'mudzi womwe wamanga kanyumbako munthu amaonedwa kuti watukuka tsiku lomwe wasasula udzu n'kukhoma malata. Sindikunena kuti a kumudzi akulakwa. Udzu umafuna kufoleranso kawirikawiri, umagwira moto, umasunga makoswe, ndipo wabwino wake ukusowa chifukwa madambo alimidwa. Lata ndi mpumulo weniweni kwa mayi yemwe ankamweta udzu chaka ndi chaka. Koma lata lokha ndi theka la denga. Theka linalo ndi siling'i, kaya ya matabwa, ya bango kapena ya mphasa zokhomedwa bwino, ndi mpata pakati pake woti mpweya wotentha uzitulukira kumtunda. Malata oyera kapena opakidwa penti yoyera amabweza dzuwa lochuluka kuposa ofiira, obiriwira ndi akuda aja omwe atchuka masiku ano chifukwa chooneka ngati matailosi.

Pa nkhani ya makoma m'pamene gombe ndi kumtunda zimasiyana, ndipo wokopera nyumba ya kunyanja osaganiza amagwa nayo. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pomwe dera la Lundazi lili pamwamba kupyola mamita 1,000. Kukwera kotereku kumachotsa madigiri atatu kapena anayi, ndipo kumtunda mpweya ndi wouma kwa miyezi yambiri, choncho usiku kumazizira ngakhale masana kutatentha. Kumalo otere khoma lochindikala la dothi ndi bwenzi: masana limamwa kutentha pang'onopang'ono, m'nyumba n'kukhala mozizira, ndipo usiku limakubweza pomwe anthu akukufuna. Zidina zoumbidwa bwino, zokhala pamaziko okwera ndi denga lozitchinga ku mvula, zimachita ntchitoyi kuposa buloko ya simenti yopyapyala. Amene anaonapo Lundazi Castle, nyumba ya njerwa yomwe bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button anamangitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, amadziwa kuti makoma olemera si achilendo kuno. Ku Nkhata Bay n'kwina. Kumagwa mvula yambiri, mpweya ndi wachinyezi, ndipo usiku wa Novembala sikuzizira mokwanira kuti khoma litaye zomwe lamwa masana. Kumeneko chofunika ndi mphepo yodutsa: mazenera oyang'anizana, zipinda zosatsekerezana, denga lalitali. Masana mphepo imachokera kunyanja kupita kumtunda, usiku imatsika m'mapiri kubwerera kumadzi, ndipo nyumba yoikidwa bwino imapindula ndi zonse ziwiri. Koma iyeneranso kukhala ndi potsekera, chifukwa mwera ukayamba kuwomba mu Juni ndi Julaye salowa mopempha.

Mphepo ikadutsa, udzudzu nawo umadutsa, ndipo apa m'pomwe omanga ndi azaumoyo anakhala akukokana. Udzudzu wofalitsa malungo umalowa kwambiri pampata wa pakati pa khoma ndi denga, potsata fungo la anthu ogona. Azaumoyo amati mpatawo utsekedwe. Ukatsekedwa ndi njerwa, m'nyumba mumatentha, anthu n'kumagona panja kapena kutaya neti, udzudzu n'kuwapeza komweko. Yankho lomwe likuoneka kuti likugwira ndi waya wa sefa: mpata ukhalepo koma wotchingidwa, mazenera akhale aakulu koma asefa. M'chigawo cha Mtwara ku Tanzania, chomwe chili ndi doko pa nyanja ya Indian Ocean, akatswiri anamanga nyumba 110 zoyesera zotchedwa Star Homes, zosanja kamodzi, zogona m'mwamba, makoma ake a neti yolola mphepo, kuti aone ngati ana okhalamo angadwale mocheperapo. Maganizo ake ndi osavuta: udzudzu wambiri umauluka m'munsi, ndipo m'mwamba mumapita mphepo. Kwa munthu wa ku Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi komwe malungo si nkhani yongomva, mpukutu wa waya wa sefa ungaphule zambiri kuposa panelo yachiwiri.

Tsono sola. Pa nkhani imeneyi Lundazi sakuphunzira kwa a kunyanja, iye ndiye mkulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma la Zambia, ndi thandizo la dziko la Sweden, linayambitsa makampani atatu ang'onoang'ono m'chigawo cha Kum'mawa, ku Nyimba, Chipata ndi Lundazi. Ya ku Lundazi inkatchedwa LESCO. Kampani inkaika panelo ya mawati 50, batire ndi mababu angapo panyumba, zipangizozo n'kukhalabe zake, mwini nyumba n'kumalipira pamwezi monga momwe amalipirira a mutauni. Ambiri omwe anakwanitsa anali aphunzitsi ndi ena olandira malipiro a pamwezi. Wofufuza wa ku Sweden, Mathias Gustavsson, atatsata mabanja a ku Lundazi anapeza chinthu chomwe aliyense wogula sola lero ayenera kuchimva: m'kupita kwa nthawi katundu amachuluka. Banja limayamba ndi mababu, kenako wailesi, kenako TV, pomwe panelo ndi yomwe ija. Batire imakamidwa mpaka pansi tsiku lililonse, ndipo batire ya asidi ikamatero sikhalitsa. Panelo imatha kugwira ntchito zaka 20 kapena kuposerapo, koma batire ndiyo imafa, ndipo kutentha kumaifupikitsira moyo. Mabatire a lithium a masiku ano amapirira kwambiri koma mtengo wake ndi wina. Choncho nyumba yofuna magetsi ochepa ndiyo yomwe sola imaikwana, ndipo yofuna makina oziziritsa usiku wonse imafuna chipinda chodzaza mabatire chomwe mwini wake adzachigulanso zaka zingapo zikadutsa.

Chomwe chapangitsa kuti ngakhale a mutauni athamangire sola n'chodziwika. Maiko onse awiri, Malawi ndi Zambia, amadalira magetsi a madzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, Malawi n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chinachepetsa kwambiri madzi a m'damu la Kariba, Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pofika Seputembala magetsi ku Zambia ankazima mpaka maola 21 patsiku. Lundazi yemwe kwa zaka zambiri ankalandira magetsi kuchokera ku kampani ya magetsi ya ESCOM ya ku Malawi amadziwa bwino kuti waya ukhoza kufika pakhomo koma osabweretsa kanthu. Minda ya sola ya mamegawati 60 ku Salima ndi 20 ku Golomoti, komanso ya pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ikusonyeza komwe zinthu zikulowera. Chaka chomwecho cha 2024 Zambia inakhazikitsa malamulo olola munthu wokhala ndi mapanelo kutumiza magetsi otsala ku kampani ya magetsi ya ZESCO, ngakhale zimenezi zimathandiza okhawo omwe waya unawafikira kale.

Pali njira yoyezera ngati mawu a otsatsa ali oona. Bungwe la IFC, nthambi ya World Bank, lili ndi muyezo wotchedwa EDGE, womwe umafuna kuti nyumba ipulumutse 20 peresenti pa magetsi, pa madzi ndi pa zipangizo zomangira poyerekeza ndi nyumba wamba ya m'deralo. Nyumba za Mvule Gardens ku Kilifi, m'mphepete mwa nyanja ku Kenya, zinavomerezedwa pamuyezo umenewu, ndipo kampani yomwe inazimanga, 14Trees, ndi yomwenso inamanga sukulu ku Salima mu 2021 ndi makina otulutsa makoma a konkire. Muyezo wotere ndi wabwino poti umakakamiza womanga kuwerengera. Koma umayerekeza nyumba yaikulu ndi inzake yaikulu. Nyumba ya zipinda zisanu yopulumutsa 20 peresenti imadyabe magetsi ochuluka kwambiri kuposa mudzi wa asodzi womwe uli kuseri kwa mpanda wake.

Kuseri kwa mpandako n'komwe kuli moyo wa doko. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse ku Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Ku Nkhata Bay nkhuni zimaphika kondowole, zimawamba nsomba, zimaotcha njerwa. Mphamvu yeniyeni ya tauniyi imatsika m'mapiri pamitu pa amayi ndi panjinga za ogulitsa makala, ndipo ngakhale m'nyumba ya mapanelo wantchito amakhala akupemerera mbaula kuseri, poti kuphika nyemba pamagetsi a batire n'kuwononga. Zosintha zomwe zakhudza anthu ambiri m'derali ndi zosaoneka pachithunzi. Bungwe la Ripple Africa, lomwe lili ku Mwaya m'boma lomweli, lafalitsa mbaula ya njerwa ndi dothi yotchedwa Changu Changu Moto, yomwe imaphika ndi tinkhuni tochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Panyanja napo, pitani pagombe dzuwa likamalowa nthawi ya mdima wa mwezi. Mudzaona anyamata akunyamulira mabatire m'mabwato, akumangirira mababu a LED pa timitengo kumapeto kwa bwato la siginala, yemwe ntchito yake ndi kukopa usipa ndi kuwala kuti anzake auzinge ndi chilimira. Kale pamenepo pankakhala nyali zopopa za parafini, zofuna mafuta usiku uliwonse. Masana mabatire omwewo amakhala akutchajidwa, ena pa timapanelo togonekedwa pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Asodzi sanadikire wina kudzawaphunzitsa za kusamala chilengedwe. Anawerengera mtengo wa parafini. Kuipa kwake n'kwakuti kuwala kotsika mtengo kwachulukitsa nyali panyanja, ndipo nsomba sizinachuluke nawo.

Nyumba zatsopano zimafunanso malo, ndipo malo abwino ndi omwewo omwe asodzi amakocheza mabwato, amayi amachapa ndi kutunga madzi, ana amasambira. Madandaulo oti mipanda yatseka njira zopita kumadzi akhala akumveka m'magombe ambiri, makamaka ku Mangochi ndi Salima. Mu 2022 Malawi inasintha malamulo a malo n'kukhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika, koma mpanda wa nzika umatseka njira chimodzimodzi ndi wa mlendo. Nyanja nayo ili ndi malire ake omwe salembedwa pa pepala la malo. Mu 2024 madzi anakwera kufika pomwe anali asanafikepo kwa zaka zambiri, n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zomwe zinamangidwa pamchenga m'zaka zomwe nyanja inali itabwerera. Akuluakulu a m'midzi ya m'gombe ankadziwa pomwe madzi anafika cha m'ma 1980, kungoti omanga sanawafunse. Ndipo popeza nyanjayi ili m'chigwa chomwe nthaka imagwedezeka, monga zinachitikira ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009, lamba wa konkire womanga makoma onse pamwamba pa mazenera si chokongoletsa.

Ku Chikomeni nkhani ya malo ili m'manja mwa mfumu, ndipo lamulo la malo la Zambia la 1995 limalola kuti malo a makolo asandutsidwe a lizi ya zaka 99 ngati mfumu ndi khonsolo avomereza. Malo akatuluka motero sabwerera msanga kumudzi. Derali, lomwe kuyambira 2018 likuwerengedwa m'boma latsopano la Lumezi, lili pakati pa nkhalango za Lukusuzi ndi Kasungu, ndipo ngati okopa alendo adzabwere ndi tinyumba tawo ta sola, mafunso adzakhala omwewo a ku gombe: njira ya kumadzi idzatsala kodi, njerwa zidzaotchedwa ndi mitengo ya ndani, ntchito adzalemba ana a ndani. Mitengo yakumeneko ili kale ndi adani okwanira, mabalani a fodya ndi mauvuni a makala.

Kwa mlimi womanga yekha, ndalama zimatha asanafike pa siling'i, ndipo amalowa m'nyumba akunena kuti adzamaliza chaka chamawa. N'chifukwa chake zoyenera kuyambira ndi zomwe sizifuna ndalama: kutembenuza nyumba kuti isapenye kuzambwe, kusiya mtengo womwe uli pamalopo m'malo moudula poyeretsa, kukweza khoma ndi mizere iwiri ya njerwa kuti lata litalikire mitu, kutulutsa denga kunja kuti lipange mthunzi. Ambiri amaika nyumba moyang'ana msewu kuti odutsa aione, ngakhale msewuwo uli kuzambwe, ndipo amadula malata pafupi ndi khoma kuti apulumutse awiri kapena atatu. Malata atatu amenewo amawalipira ndi pulasitala yemwe mvula ya Januwale imakokolola, komanso ndi miyezi itatu ya chilimwe yomwe banja lonse limadyera nsima panja.